Tsiku Lomwe Galimoto Inakana pa Munda wa Aida

Misuku, Chitipa
Lachitatu, 16 Julaye

Okondedwa Bambo,

Ndayamba ndi kugwada monga munandilerera, ngakhale zomwe zili m'munsimu si zogwada ayi. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likuti bwanji ndi nyengo yozizirayi? Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Ine ndili bwino, kungoti chimfine chandigwira. Kuno mwezi uno nkhungu imatsika kuchokera m'nkhalango ya Mughese n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litafika pamutu, moti zovala zochapa Lolemba umazivala Lachinayi zikadali zonyowa. Kuzizira kwa ku Ntcheu komwe timadandaula nako kuja n'kwamasewera.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira. Foni ndi ya achimwene a Cuthbert, makutu anu anapita ndi phokoso la malole, ndiye mawu anga amayamba adutsa mkamwa mwa achimwene asanafike kwa inu. Akamafika amakhala atasendedwa ngati chinangwa. Kalatayi ndapatsira mayi wina wogulitsa zitenje yemwe akupita ku Balaka, wati akaisiya pagolosale ya pa Kampepuza. Muwerenge nokha, magalasi muli nawo.

Nkhani ndi iyi. Uthenga wanu woti ndisaine pepala lopepesa kuntchito ndaulandira. Sindisaina, Bambo. Ndikasaina, mayi wina wamasiye dzina lake Aida achotsedwa panyumba pake ndi pamunda pake Loweruka la sabata ya mawa, ndipo chomuchotsera chidzakhala dzina langa lolembedwa ndi dzanja langa. Achimwene anakuuzani kuti ndinanyoza akuluakulu pamaliro. Zina zonse anazisiya, ndiye ndikuuzeni ndekha kuyambira pachiyambi.

Muyambe mwaidziwa galimotoyo, chifukwa mlandu wonse wagona pa iyo. Bungwe la alimi a khofi lomwe linandilemba ntchito linalandira pikapu yatsopano mu Febuluwale, yokoka ndi matayala onse anayi, ya otomatiki. Kalachi ilibe, phazi lamanzere limangokhala. Inu mukanaiona mukanati imeneyi si galimoto koma wailesi. Chomwe chikanakukwiyitsani kwambiri n'chakuti handibuleki ija yokoka ndi dzanja lonse mpaka kumva kererere mulibemo. M'malo mwake muli kabatani kakang'ono pafupi ndi giya, kosaposa chala chachikulu.

Kamagwira ntchito chonchi. Ukaima pachitunda, phazi lili pa buleki, umakakokera m'mwamba ndi chala chimodzi. Umamva kulira kumatayala akumbuyo ngati njuchi yalowa m'botolo, kagetsi kofiira n'kuyaka kutsogolo kwako, basi galimoto yamangidwa. Kenako umaika giya pa P. Pomasula pali njira ziwiri. Utha kuponda buleki ya phazi n'kukadina kabataniko, kapena utseke chitseko, uike giya pa D, uponde moto pang'ono, imamasula yokha. Koma chitseko cha dalaivala chikakhala chotsegula, singamasule yokha ngakhale uponde moto mpaka pansi. Anaipanga dala chonchi kuti galimoto isanyamuke munthu ali mwendo umodzi panja. Ndiponso kabataniko ukakadina usanaponde buleki, sikamva. Gwirani ziwirizi, chitseko ndi phazi, chifukwa muzifuna kutsogoloku.

Mwala ndimaikabe kutayala ndikaima pamtsetse, musadandaule. Anzanga a kuofesi amandiseka kuti ndine wachikale. Ndimangowauza kuti ndine mwana wa a Ndau, ndipo kabatani sikanandilere.

Kumapeto kwa Juni anamwalira a Anock, mmodzi wa alimi athu, munthu wofatsa yemwe ankandisungira mapeyala ndikapita kukatenga khofi kwawo. Anagwa m'munda akuthyola. Ndinawathamangitsira ine ndemwe kuchipatala cha ku boma, koma sanathe masiku awiri. Adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, mtsempha unaphulika m'mutu. Anasiya mkazi, Aida uja, ndi ana atatu aakazi. Mkulu wawo wa malemuwa ndi a Safeli, omwe ndi wapampando wa bungwe lathu, kutanthauza kuti ndi bwana wa bwana wanga.

Kuno si kwathu, Bambo. Kwathu mwamuna ndiye amabwera pamudzi pa mkazi, monga inu munabwerera kwa amayi. Kuno mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna, ndipo munda ndi nyumba zimawerengedwa za banja la mwamunayo. Mwamuna akafa, mkazi amakhalabe ngati alamu ake alibe naye mawu. Munda wa khofi wa a Anock ndi wabwino kuposa yonse ya m'dera limenelo, ndipo mitengo yake anabzala awiriwiri ndi Aida zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Ine sindikunena kuti a Safeli amaufuna. Ndingonena kuti uli m'malire ndi wawo.

Bungwe linapereka galimoto kuti ikatenge maliro. Ndinanyamula bokosi kumochale m'mawa, azimayi asanu ndi mmodzi atakhala kumbuyo molizungulira, Aida ali kumutu. A Safeli anakhala kutsogolo ndi ine, ndipo mpando wachiwiri m'katimo munali azimayi awiri achikulire. Msewu wa kuno simunauonepo, ndi wokwera wokhawokha, wokhotakhota, mbali ina phiri mbali ina phompho. Tinayenda maola atatu azimayi akuimba. Pachitunda chomaliza, pomwe msewu umadutsa m'mphepete mwa munda wa a Anock uja, tinapeza anthu a m'mudzi atabwera kudzachingamira maliro. A Safeli anandiuza kuti ndiime. Anati mng'ono wawo sangalowe m'mudzi wa makolo ake akuyendetsedwa ndi mkazi, mkazinso wake wachilendo, amulowetsa okha.

Zinandiwawa, koma pamaliro sakanganirapo. Ndinaponda buleki, kukoka kabatani, kuika pa P, n'kutsika. Ndinakadzipanikiza mpando wachiwiri uja pambali pa azimayi achikulire.

A Safeli anayendetsapo galimoto kale, Landirova yakalekale ya a zankhalango. Ali ndi chizolowezi cha madalaivala a m'mapiri: pamalo popapatiza amatsegula chitseko n'kusuzumira kunja kuti aone tayala lakumbuyo lisalowe kuphompho. Inu mumachidziwa, ndinakuonanipo mukuchita pa Khwekhwerere. Ndiye anakhala pampando, dzanja lamanja litagwira chitseko chili chotsegula, mutu uli panja. Dzanja lamanzere linafufuza handibuleki pakati pa mipando n'kupeza botolo langa la madzi. Giya anaipeza, anaika pa D poti anali atandionera njira yonse. Anaponda moto. Injini inalira, galimoto inanjenjemera, koma osasuntha.

Ndinawauza mwaulemu kuti atseke chitseko. Anandiyankha osacheuka kuti iwo anayamba kuyendetsa galimoto ine ndisanabadwe. Kenako anakumbukira kabatani kaja, anakadina, kukakoka, kukadinanso, phazi likadali pa moto. Ndinanenanso kuti aponde kaye buleki. Mmodzi wa azimayi achikulire aja anandigwira pabondo n'kundiuza m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti mwana wamkazi sayankhula pomwe aakulu akulimbana ndi zinthu zazikulu.

Amuna anayamba kukankha, asanu, kenako khumi, mpaka kumbuyo kunalibenso pogwira. Ena anagwada kuyang'ana ngati pansi pa matayala pali mwala. Nyimbo inaleka. Bambo, mukudziwa zomwe anthu amaganiza bokosi likakana kuyenda, ngakhale kwathu amaganiza zomwezo. Wina ananena chapansipansi kuti a Anock akukana. Wina anati taonani pomwe akanira, pamunda pawo penipeni. Wachitatu anati wakufa sakana chabe, pali yemwe sakufuna kuyenda naye. Chisukwa, chiyankhulo cha kuno, sindichimva bwino, koma ndinaona mitu yonse ikutembenukira kwa Aida.

A Safeli anatsika kukalamula kuti amutsitse. Sanamumenye, koma anamukoka mkono, chitenje chake chinakola pachitsulo n'kung'ambika. Iwo anabwerera pampando mtima uli m'mwamba, za tayala lakumbuyo ataiwala, anamenyetsa chitseko kuti phwaa, kubweza giya pa D, n'kuponda moto. Galimoto inanyamuka bwinobwino ngati palibe chomwe chinachitika.

Mfuu womwe unamveka pamenepo sindidzauiwala. Anthu oposa zana anaona ndi maso awo kuti mkazi ali m'galimoto yakana, mkazi watsika yayenda. Munthu angafunenso umboni wotani? Ndikanakhala kuti galimotoyo sindiidziwa, mwina nane ndikanakuwa nawo.

Tsopano ndinene chomwe chikundidya. Kuchokera pachitundapo kukafika m'mudzi ndi makilomita awiri. Aida anayenda wapansi kumbuyo kwa gulu lonse, palibe yemwe anayenda pambali pake. Ine ndinali m'galimoto, pampando wofewa, ndikumuona pagalasi la m'mbali akucheperachepera. Pa anthu onsewo ndinali ine ndekha wodziwa chomwe chachitika, ndipo ndinakhala chete. Ndinaopa gulu, ndinaopa a Safeli, ndinaopanso ntchito. Kumanda sanamulole kuponya dothi. Maliro atatha anakhoma nyumba yake n'kumuuza kuti azigona ndi ana m'kanyumba ka kumunda mpaka banja litakhala pansi. Ndinachita manyazi ndi ine mwini, ndipo mpaka lero ndikuchitabe.

Patapita masiku anayi anandituma kukatenga tenti ndi mipando ya bungwe yomwe inatsala pamaliro. Kunali m'mawa, nthawi yomwe anthu amatsika ndi madengu a khofi kupita kumakina osendera. Ndinaima pachitunda chomwe chija, malo omwewo, n'kuliza hutala mpaka anthu anasonkhana. Anaposa makumi anayi. Pakati pawo panali a Frackson, mkulu wa mpingo, munthu yemwe ali ndi laisensi ndipo sathamangira kuyankhula. Ndinawauza anthuwo kuti adikire, ndili ndi choti ndiwaonetse.

Ndinatsikira kumunda komwe Aida ankathyola khofi yekha, poti palibe yemwe ankafunanso kumuthandiza. Ndinamupempha kuti akwere kumbuyo kwa galimoto. Anakana. Anati galimoto imeneyo inamuphera kale dzina, ikakananso lero ndiye amugenda miyala. Ndinagwada m'munda momwemo n'kumulumbirira pa dzina la mwana wanga Takondwa kuti iyenda. Apo anapukuta manja pachitenje n'kutsogola.

Chiwongolero ndinapereka kwa a Frackson kuti anthu asanene kuti ndine ndikuchita. Koyamba Aida anaima kutali pansi pa nthochi, chitseko chili chotsegula monga anachitira a Safeli. A Frackson anaponda moto, galimoto inakana. Kachiwiri Aida anakwera n'kukhala pomwe anakhala tsiku la maliro, a Frackson anatseka chitseko, kuponda moto, galimoto inayenda. Iwo eni anapempha kuti tibwereze, ndipo tinabwereza katatu, ine nditaima panja manja ali kumbuyo. Ndinawaonetsanso za phazi ndi kabatani, kuti sikamva munthu asanaponde buleki, kaya ndi wapampando kaya ndi ndani.

A Frackson anatsika, anavula chipewa, anapita pomwe panali Aida n'kumupatsa moni wa kuno uja, mwaghona, ndi manja awiri. Unali moni woyamba kulandira chimwalirire mwamuna wake. Musaganize kuti onse anatembenuka mtima. Ena anaseka mwamanyazi n'kusenza madengu awo. Mayi wina anafunsa kuti ngati si Aida ndiye anapha a Anock ndani, ngati kuti munthu sangafe popanda womupha. Ena akuti mtsikana wa ku Ntcheuyu nayenso ali ndi zake, anaikonzeratu galimotoyo. Komabe mudzi unagawika pawiri, ndipo n'chifukwa chake msonkhano wa banja unasunthidwa mpaka kumapeto kwa mwezi uno.

Nkhani inawapeza a Safeli dzuwa lisanapendeke. Ndinakumana nawo mawa lake pamsika, pamaso pa anthu ogulitsa nthochi. Anandiuza kuti mlendo ndi mame, ndiuma posachedwa, ndipo iwo adzakhala alipobe. Ndinawayankha kuti ndawamva, ndipo ndikuwapepesa chifukwa cha imfa ya mng'ono wawo, koma chitseko anatseka ndi iwo, si a Anock. Ndinanena mwaulemu, manja ali pamodzi, mutha kufunsa aliyense yemwe analipo. Chilungamo chake, sindikudziwa ngati iwo amakhulupirira zomwe amanenazo kapena ayi. Mwina tsiku lija anakhulupiriradi. Koma munthu yemwe analamula mlamu wake kutsika pamaso pa mudzi wonse sangavomere lero kuti vuto linali dzanja lake lamanja.

A manijala athu ndi Mayi Fiona, a ku Zomba, munthu wabwino ndithu. Ndi omwe anandilemba ntchito ena akunena kuti mkazi sangathe mapiri ano. Anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti milandu yanga ndi iwiri, kupereka chiwongolero kwa munthu wosakhala wa bungwe ndi kuchititsa manyazi wapampando ali pachisoni. Ndinawafunsa kuti nanga tsiku la maliro chiwongolero ndinapereka kwa ndani, ndipo laisensi ya a Safeli anaionapo liti. Iwo anatulutsa buku la galimotoyo m'dirowa, tsamba lake atalipinda kale, n'kunena kuti awerenga ndipo ndikunena zoona, koma bukulo silikhala nawo pamsonkhano wa alimi. Anati a Safeli akakwiya atha kuchoka ndi alimi a midzi itatu, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinawamvera chisoni, chifukwa nawonso ndi mlendo kuno ngati ine.

Pepala lomwe anandipatsa lili ndi mizere itatu. Woyamba ukuti ine Bessie Ndau ndikupepesa. Wachiwiri ukuti zomwe ndinachita pachitunda zinali zachibwana. Wachitatu ukuti sindikudziwa chomwe chinaimitsa galimoto tsiku la maliro. Wachitatuwo ndiwo akuufuna. Loweruka lija a Safeli akufuna kukawerenga pepalalo pamaso pa banja lonse, kuti dalaivala mwiniwake wavomera kuti sakudziwa, ndiye zomwe anthu anaona pamaliro zija ndi zomwezo. Ndinawauza Mayi Fiona kuti za hutala ndi za chiwongolero ndipepesa ngakhale chogwada, koma mzere womalizawo aufufute. Yankho linabwera mawa lake kuti pepala lisainidwe lonse, apo ayi ndisiye kiyi.

Apa ndi pomwe achimwene analowerera. Ndinalakwa kuwauza pafoni. Iwo, ndi chikondi chawo chothamanga chija, anafufuza nambala ya Mayi Fiona n'kuwaimbira kawiri, kupepesa m'dzina la banja lonse la a Ndau. Akuti mlongo wawo ndi wouma mutu chibadwire ndipo bambo ake akhumudwa kwambiri. Mawu amenewo afika kale kumudzi kwa Aida. Anthu akuti ngakhale bambo ake a mtsikanayo, omwe anayendetsa malole zaka makumi atatu, akuti mwana wawo walakwa. Mwaona, Bambo? Inu muli khale pakhonde ku Ntcheu, koma dzina lanu lakwera mapiri ano ndipo likuthandiza kuthamangitsa mkazi wamasiye yemwe simunamuonepo.

Ndikukumbutseni chaka chija ndili sitandade faifi. Abwana anu anakupatsani khadi la kugalaji loti musaine kuti mabuleki a lole ali bwino, inu mukudziwa kuti mpweya ukutuluka. Munakana. Munati mukasaina, mnzanu yemwe atenge loleyo mawa akatsika nayo ku Golomoti akukhulupirira dzina lanu. Anakuchotsani. Chaka chonse munalima maganyu ndi manja ozolowera chiwongolero, ife tikupita kusukulu opanda nsapato, amalume akubwera Lamlungu lililonse kudzakuuzani kuti ulemu sadya. Sindinakumveni mukudandaula ngakhale tsiku limodzi. Munkangoti dalaivala atha kunama za mowa ndi za komwe wagona, koma asaname za mabuleki. Amayi ankakukalipirani chifukwa cha mawu amenewo, koma ine ndinawasunga. Ndiye lero inu nomwe mundiuze kuti ndiname za mabuleki? Ndikukhulupirira kuti simunadziwe zomwe zili papepalalo, n'chifukwa chake ndakulemberani mzere ndi mzere.

Lolemba ndinabweza pepala losasaina, kiyi ndinaika pamwamba pake. Ntchito yatha, ndakuuzani mosabisa kuti musamvere kwa ena. Mayi Fiona anandiperekeza mpaka pageti. Anati ndikasintha maganizo Loweruka lija lisanafike, kiyi ndiipeza pomwe ndinaisiya. Ndinawathokoza n'kuwauza kuti asaisunge, aipereke kwa wina chifukwa khofi sadikira.

Abweretsadi dalaivala wongogwirizira wa ku Karonga, bambo wamkulu ndithu. Dzulo ndinapita kukamuonetsa kabatani kaja, za chitseko, za phazi, ndi giya yotsikira mapiri. Mlonda anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, kuphunzitsa munthu wondilanda mpando. Koma galimoto ija imanyamula odwala ndi ana a anthu, ndipo munandiphunzitsa kuti khalidwe la galimoto sabisira mnzako. Bamboyo anayesa chitseko chili chotsegula, kenako chili chotseka. Dzanja lili pachiwongolero, anangothokoza m'chiyankhulo cha kwawo kuti yewo mama. Nkhani ya maliro anali ataimva kale ali ku Karonga, koma anaimva monga amaifotokozera a Safeli.

Za ine musade nkhawa. Laisensi yanga ili m'thumba, imeneyo sangandilande. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku boma kuli amalonda omwe amatenga katundu kumalire a Tanzania, ndipo mmodzi wati ndikamuone mwezi ukatha. Eni nyumba yomwe ndimakhala ayamba kundipatsa moni wa chammbali, poti ndi achibale a akazi awo a Safeli, koma sanandiuze kuti ndichoke. Akandiuza ndichoka, katundu wanga ndi wokwana chikwama chimodzi ndi mbaula.

Pakadali pano ndikuthandiza Aida kuthyola khofi asanayoyokere pansi. Zala zanga zada, ndipo msana ukundikumbutsa kuti ine ndinabadwira chiwongolero. Amandiphikira nthochi zosakaniza ndi nyemba, chakudya chomwe poyamba ndinkachiseka koma tsopano ndimanyambita mbale. Chichewa chake n'chochepa, Chisukwa changa n'chocheperapo, ndiye nthawi zambiri timangothyola. Mawu amodzi ndawadziwa bwino, ndagha, ndiko kuti zikomo, chifukwa ankandiuza kakhumi patsiku mpaka ndinamuletsa. Sindingathe kumva zikomo kuchokera kwa munthu yemwe ndinamusiya pamsewu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo si loti mundiyamikire. Kuseri kwa tsamba lino ndalemba nambala ya a Frackson. Loweruka lija lisanafike, mutenge foni ya achimwene, muigwire m'manja mwanu, muwaimbire. Mukuwe monga mumakuwira pafoni, adzamva. Muwauze kuti ndinu a Ndau, bambo ake a Bessie, ndipo kupepesa kuja mwakubweza. Zokhazo basi. Za kabatani musavutike kufotokoza, a Frackson anakayesa ndi chala chawo. Alonjeza kuti adzaimirira pamsonkhanopo, koma ndi munthu mmodzi, ndipo a Safeli ali ndi dzina lanu m'thumba. Ngati simungathe, sindikukakamizani, koma achimwene asaimbenso foni kuno.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi anandilukira ija ndiyo ikundisunga. Moni kwa azakhali a ku Nsipe, kwa alamu anga ndi ana onse. Amalume ndikudziwa kuti abwera Lamlungu kudzanena za ulemu uja, muwapatse mpando ndi moni wanga. Achimwene a Cuthbert muwauze kuti sindinawakwiyire kwambiri, pang'ono chabe. Takondwa mumufungatire m'malo mwanga, mumuuze kuti amayi ake abwera khofi akatha. Akamva kwa anzake kuti ndinachotsedwa ntchito chifukwa cha mwano, mumufotokozere inuyo, ndinu amene mukudziwa mmene nkhani zotere amazifotokozera kwa mwana.

Kumsonkhano kuja ndidzapita, andiitane asandiitane. Galimoto ndilibe tsopano, ndiye ndidzayenda wapansi. Tapangana ndi Aida kuti ndidzamupeze pachitunda chija m'mawa, tidzanyamukire pomwepo mpaka m'mudzi, dzuwa likuwala, anthu akuona. Makilomita awiri amenewo anawayenda yekha ine ndikumuonera pagalasi. Ulendo uno ndidzakhala pambali pake.

Ndine mwana wanu, wouma mutu mochita kutengera,

Bessie